Tinkaombera M'manja Don Williams, Cholembera Chili kwa Bob McDill

Mukapita kumudzi pa holide ikubwerayi, mukawafunse bambo kapena amalume anu za Don Williams. Ambiri sakachedwa kumwetulira. Mawu ake okhuthala, ofatsa ngati a munthu amene sanathamangepo chibadwire, akhala akumveka pa wailesi, m'mabasi ndi m'magolosale a kuno kwathu kwa zaka zambiri. Anthu a mbali ino ya Africa anamukonda kwambiri moti mu 1997 anabwera kudzaimba ku Harare, ndipo atamwalira mu 2017 imfa yake inakhudza anthu amene sanapondeko ku America. Mukatha apo mukawafunse funso lachiwiri: nanga Bob McDill ndani? Ndikukayika ngati mukapeze yankho.

Chonsecho nyimbo zambiri zimene makolo athu ankamukondera Don Williams zinatuluka m'manja mwa McDill. "Amanda," "Come Early Morning," "Say It Again," "It Must Be Love," "Good Ole Boys Like Me" ndi "If Hollywood Don't Need You," zonsezi anapeka ndi iye. Pa zaka pafupifupi 30 zimene anagwira ntchito mumzinda wa Nashville, nyimbo zake 31 zinafika pa nambala wani pa ndandanda wa nyimbo za country ku America. Anaimba nyimbozo ndi anthu ena, iye ali phee kuseri.

Ndasankha kulemba za bambo ameneyu chifukwa moyo wake ukutsutsa bodza limene ophunzirafe timalikonda, lakuti luso limangogwa ngati mvula, pa tsiku limene lafuna, pamunda wa amene anabadwa ndi mwayi. McDill anaonetsa kuti nyimbo imene imakhalitsa imapangidwa patebulo, ndi munthu amene amabwera pa ntchito tsiku ndi tsiku, kaya mtima ukufuna kaya sukufuna. Ngati zili choncho, ndiye kuti tili ndi ngongole ziwiri: kulemekeza anthu ogwira ntchito yosaonekayi, ndi kutengera kagwiridwe kawo ka ntchito.

Mnyamata amene sankailabadira country

Robert Lee McDill anabadwa mu 1944 pafupi ndi mzinda wa Beaumont ku Texas. Ali mwana anaphunzira kuimba viola, kenako anagwira gitala. Anachita maphunziro ake pa koleji ya Lamar ku Beaumont komweko, ndipo madzulo ankaimba ndi anzake nyimbo za folk. Nthawi imeneyo Jack Clement, amene kale anajambulapo Johnny Cash ndi Jerry Lee Lewis ku Sun Records, anali ndi situdiyo mumzindamo pamodzi ndi Bill Hall. Kudzera mwa anthu amenewa McDill anadziwana ndi Dickey Lee ndi Allen Reynolds, yemwe patsogolo pake anadzakhala wojambula zimbale za Garth Brooks. Atamaliza koleji anatumikira zaka ziwiri m'gulu la asilikali a pamadzi, koma sanasiye kulemba. Mu 1967 Perry Como anajambula nyimbo yake yotchedwa "The Happy Man." Atachoka kuusilikali anakakhala ku Memphis, ndipo mu 1970 anatsatira anzake aja ku Nashville.

Chodabwitsa n'chakuti anafika kulikulu la country mtima wake uli pa nyimbo za folk, pop ndi rock. Nkhani imene iye mwini wakhala akuifotokoza ndi yakuti tsiku lina ali m'galimoto ya mnzake Vince Matthews anamva nyimbo ya George Jones yotchedwa "A Good Year for the Roses." M'nyimboyo mwamuna amene mkazi wake akumusiya sakukalipa, akungolankhula za maluwa a pabwalo. McDill anamva ululu ndi mkwiyo umene unabisala pansi pa mawu ofatsawo, ndipo anazindikira kuti chamba chimene sankachilabadirachi chili ndi nzeru zake. Kuyambira pamenepo anakhala pansi n'kuyamba kuchiphunzira ngati mmene wophunzira amachitira ndi phunziro limene analinyalanyaza teremu yonse. Taonani: munthu amene lero amatchedwa katswiri wa country sanabadwe nayo. Anachita kuiphunzira ali wamkulu kale.

Mu 1972 anatulutsa chimbale chakechake chotchedwa "Short Stories." Sichinamutchukitse ngati woimba, koma chinaonetsa kumene kunali mphamvu zake. Johnny Russell anatenga nyimbo imodzi ya m'chimbalemo, "Catfish John," imene McDill anapeka ndi Allen Reynolds, ndipo inayenda bwino. McDill anavomereza zimene achinyamata ambiri amakana kuvomereza, kuti malo ake sanali pasiteji. Anasiya kuthamangitsa maikolofoni n'kusankha tebulo.

Kulowa ntchito m'mawa, kuweruka madzulo

Kuti timvetse ntchito yake, tiyenera kudziwa mmene zinthu zimayendera ku Nashville. Mumzindamo muli dera lotchedwa Music Row, kumene kuli masitudiyo ndi makampani osunga ndi kutsatsa nyimbo. Kampani yotere imalemba ntchito wopeka nyimbo n'kumamupatsa ndalama pang'ono zoti azikhalira, zimene zimadzadulidwa pa phindu la nyimbo zake. Wopekayo akamaliza nyimbo amaijambula mwachitsanzo chabe, ndipo kampaniyo imayenda nayo kwa oimba ndi ojambula zimbale kufuna woitenga. Ikatengedwa, wopeka amalandira gawo lake pa chimbale chilichonse chogulidwa, komanso nyimboyo ikaseweredwa pa wailesi kapena pagulu. Ndalama za pa wailesizi amatolera ndi mabungwe monga BMI ndi ASCAP. Ikapanda kutengedwa, imangogona m'kabati. McDill anayamba ndi kampani ya Jack Clement, kenako anapita kwa Bill Hall.

Opeka nyimbo ambiri a nthawi imeneyo ankadziwika ndi moyo wa usiku, kudikira kuti ganizo liwapeze. McDill anatchuka ndi khalidwe lina. Ankapita kuofesi m'mawa ngati kalaliki wa m'boma, n'kukhala ndi gitala, cholembera ndi kope la mapepala achikasu mpaka madzulo. Cholinga chake chinali kumaliza nyimbo imodzi pa mlungu. Tiyeni tiwerengere limodzi. Munthu wolemba nyimbo imodzi mlungu uliwonse kwa zaka 30 amadutsa nyimbo 1,000. Ikani nambala imeneyo pambali pa 31 ija. Mukuona kuti milungu yambiri ya moyo wake inathera pa nyimbo zimene sizinafike pamwamba, ndipo zina sizinamvekeko n'komwe. Komabe Lolemba lililonse ankabwereranso patebulo lomwelo. Akuluakulu anati tsokonombwe anatha mtunda n'kudumpha.

Umboni wa thukuta limeneli ulipo ndipo munthu angathe kuugwira ndi manja. Mu 2017 McDill anapereka kunyumba yosungiramo mbiri ya Country Music Hall of Fame makope 217 a mapepala achikasu aja, odzaza ndi zolemba zake za pamanja. Ife timamva mphindi zitatu zosalala pa wailesi. M'makope amenewo ndi mmene muli masiku amene mphindi zitatuzo zinadya. Wophunzira aliyense amene amapereka asainimenti yoyamba kulembedwa, osaiwerenganso ngakhale kamodzi, aganizirepo za nambala 217 imeneyi.

Nyimbo yomangidwa bwino imadikira

Wina anganene kuti: "Koma ife timakonda mawu a Don Williams. Popanda iye nyimbozo zikanakhala mapepala chabe." Mfundoyi ndi yomveka, koma mbiri ya nyimbo zenizenizo ikunena zina. "Amanda," nyimbo ya woimba wosauka amene akupepesa mkazi wake chifukwa cha moyo wovuta umene wamulowetsamo, Don Williams anaitulutsa mu 1973 kuseri kwa mbale ya "Come Early Morning," ndipo sinafike pamwamba. Waylon Jennings anaijambula mu 1974, ndipo itatulutsidwa payokha mu 1979 inakhala pa nambala wani milungu itatu. "Song of the South," yonena za banja la alimi a thonje osauka m'zaka za m'ma 1930 pamene chuma cha America chinagwa, anayamba kuiimba ndi Bobby Bare mu 1980. Johnny Russell anaiyesa, Tom T. Hall ndi Earl Scruggs anaiyesanso, kufikira gulu la Alabama linaifikitsa pa nambala wani kumayambiriro kwa 1989. "It Must Be Love" inafika pa nambala wani ndi Don Williams mu 1979, n'kudzafikanso pomwepo ndi Alan Jackson mu 2000, patatha zaka 21.

Oimba anasintha, zaka zinasintha, zida zoimbira zinasintha. Chimene chinatsala chosasunthika ndi chimene McDill anamanga. Sindikuchepetsa woimba ayi. Mutu umodzi susenza denga, ndipo McDill anachita mwayi kupeza munthu ngati Don Williams, amene kufatsa kwa mawu ake kunagwirizana ndi kufatsa kwa zolemba zake. Nayenso McDill sankalemba yekha nthawi zonse. "Nobody Likes Sad Songs," imene Ronnie Milsap anaifikitsa pa nambala wani mu 1979, anapeka ndi Wayland Holyfield, ndipo "Everything That Glitters (Is Not Gold)" ya mu 1986 anapeka ndi Dan Seals. Chimene ndikukana ndi chizolowezi chathu chotamanda denga lokha, n'kuiwala amene anakumba maziko.

Zimene otsutsa anganene

Pali mfundo zitatu zimene munthu woganiza bwino angatsutse nazo, ndipo ndi bwino tiziyang'ane osazizemba.

Yoyamba ndi yakuti mphatso iliko ndithu, ndipo McDill yemweyo ndi mboni. Iye anafotokozapo kuti "Amanda" inamubwerera m'mphindi pafupifupi 30 zokha. Zoona. Koma anawonjezera kuti mwayi wotere sunabwerenso, nyimbo zotsatira anachita kuzikhetsera thukuta. Akanati adikire tsiku lina ngati limenelo, bwenzi lero tikumudziwa ndi nyimbo imodzi. "Don't Close Your Eyes" imene Keith Whitley anatchuka nayo mu 1988, ndi "Gone Country" imene Alan Jackson anatulutsa mu 1994, zinabwera patatha zaka 15 ndi 21 kuchokera pa "Amanda." Mphatso ingakupatseni tsiku limodzi labwino. Zaka 30 sizingatheke popanda khama.

Yachiwiri ndi yakuti kulemba nyimbo m'ofesi n'kuzigulitsa ndi malonda chabe, fakitale yopanga zimene msika ukufuna. Apa pali choonadi china. McDill ankalembera wailesi, ndipo si nyimbo zake zonse zimene ndingazitchule kuti n'zozama kapena zolimbikitsa makhalidwe abwino. Imodzi mwa zoyamba kumutchukitsa, "Rednecks, White Socks and Blue Ribbon Beer" ya mu 1973, imene anapeka ndi anzake awiri, ndi nyimbo ya kumalo omwera mowa. Ambiri a ife sitingaiike pa foni yathu, ndipo sindikupempha wina aliyense kutero. Koma munthu angathe kuphunzira kawongoledwe ka mizere kwa mlimi wa fodya ngakhale iye akufuna kubzala chimanga. Komanso kulipidwa sikuipitsa ntchito. Mmisiri amene amakhoma mipando yogulitsa sasiya kukhala mmisiri. Funso ndi lakuti mpandowo ndi wolimba kapena ayi. McDill ankaudziwa msikawo mpaka kumauseka. "Gone Country" imanyogodola oimba a zamba zina amene akuthamangira ku Nashville chifukwa amva kuti kuli ndalama, ndipo woilembayo ndi munthu amene nayenso anafika mumzindamo kuchokera ku folk.

Yankho lalikulu pa mfundo ya fakitaleyi ndi nyimbo ya "Good Ole Boys Like Me," imene Don Williams anaifikitsa pa nambala 2 mu 1980. McDill anali munthu wokonda mabuku, ndipo ganizo la nyimboyi analipeza atawerenga buku la Robert Penn Warren lotchedwa "A Place to Come To." Wolankhula m'nyimboyo ndi mwamuna amene anakulira kum'mwera kwa America, m'nyumba ya bambo wokonda Baibulo koma wokondanso botolo. Mabuku ndi wailesi zinamutsegula maso, sukulu inamusintha ngakhale kalankhulidwe, anachoka kwawo n'kupita patsogolo pamene ena amene anakula nawo anawonongeka. Komabe kwawo sikunamuchoke m'mtima, ndipo sakudziwa kuti adziike mbali iti. M'nyimbo ya pa wailesi muli mayina a alembi Thomas Wolfe ndi Tennessee Williams pambali pa dzina la Hank Williams. Ndani mwa ife amene anachoka kumudzi kudzaphunzira pano sakuudziwa mtolo umenewu, wofika kwanu pa holide n'kumva anthu akunena kuti wasintha? Nyimbo yotere siingatuluke m'mutu wa munthu wosawerenga. Woimba amene amati mabuku ndi a anthu a mayeso okha akudzimana chakudya.

Yachitatu ndi yolemera kuposa zinazi. Kum'mwera kwa America kumene McDill amakuimba mwachikondi ndi dera limene linasunga akapolo achikuda, ndipo pambuyo pake linakhazikitsa malamulo a tsankho. M'nyimbo ya "Good Ole Boys Like Me" mukutchulidwa Stonewall Jackson, mkulu wa asilikali amene anamenya nkhondo kumbali yofuna kusunga ukapolo. Mwafirika ali ndi ufulu wonse womvera nyimbo zotere khutu lili tcheru. Kuwerenga kwanga n'kwakuti McDill akufotokoza nyumba imene mwanayo anakuliramo, zokoma ndi zowola zomwe, ndipo sakutiuza kuti tiitamande. Yemweyonso ndi amene analemba "Catfish John," nkhani ya mnyamata amene anapalana ubwenzi ndi nkhalamba yobadwira muukapolo, ngakhale amayi ake ankamuletsa. Nyimbo imeneyi inadutsa malire a country: Jerry Garcia wa gulu la Grateful Dead ankaiimba, ndipo oimba bluegrass akuiimbabe. Mungagwirizane nane kapena ayi, koma taonani kuti tikutsutsana za nyimbo ngati mmene tingatsutsirane za buku m'kalasi. Zimenezi zokha zikusonyeza kulemera kwa zimene analemba.

Ulemu wochedwa, ndi phunziro lathu

McDill anapuma pa ntchito mu 2000, chaka chomwe "It Must Be Love" inabwereranso pamwamba. Anzake opeka nyimbo anali atamuzindikira kale, pakuti analowa mu Nashville Songwriters Hall of Fame mu 1985. Koma ulemu waukulu koposa m'chamba chimenechi, wa Country Music Hall of Fame, unamupeza mu 2023, pamodzi ndi Patty Loveless ndi Tanya Tucker, ali ndi zaka 79. Don Williams anali atalowamo kale mu 2010. Kumeneko opeka nyimbo amapatsidwa mpata wawo kamodzi pa zaka zitatu zilizonse. Ngati ku Nashville, kumene dzina la wopeka limalembedwa pa chimbale chilichonse ndipo ndalama zake zimawerengedwa, munthu wa nyimbo 31 za nambala wani anadikira zaka 23 atapuma, nanga kuli bwanji kumene dzinalo silitchulidwa n'komwe?

Apa nkhaniyi yafika pakhomo pathu. Tamvera nyimbo za McDill kwa zaka zambiri osadziwa dzina lake, ndipo chizolowezi chomwecho timachitiranso anzathu. Kwaya kapena gulu la oimba likaimba nyimbo yatsopano n'kutigwira mtima, timafunsa kuti wotsogolera uja ndani. Ndi kangati pamene timafunsa kuti anapeka ndani? Nyimbo imachoka pa foni kupita pa foni, gulu lina n'kuitenga, kuijambula, mwina kuigulitsa kumene, mwini wake osauzidwa. Dziko lathu lili ndi bungwe la COSOMA, limene linakhazikitsidwa mu 1992 kuti liteteze ntchito za aluso, koma bungwe silingalowe m'chikumbumtima cha munthu. Kutchula dzina la wopeka musanaimbe nyimbo yake sikutenga ngakhale mphindi imodzi. Kulilemba pa pologalamu kapena pansi pa vidiyo sikulira ndalama. Kupempha chilolezo musanajambule nyimbo ya mnzanu ndi kuona mtima wamba, kofanana ndi kusakopera asainimenti ya wina n'kulembapo dzina lanu.

Kwa inu amene mumalemba nyimbo, ndakatulo kapena nkhani, ndi inu amene mukulimbana ndi pulojekiti ya chaka chomaliza, njira ya McDill ndi yosavuta kuifotokoza ngakhale ili yovuta kuitsata. Sankhani nthawi ndi malo, n'kumapezekapo kaya ganizo labwera kaya silinabwere. Malizani chimene mwayamba, chifukwa chinthu chomalizidwa chingathe kukonzedwa pamene chosamalizidwa chimangokulemetsani. Werengani kunja kwa zimene zidzabwere pa mayeso. Vomerezani kuti zambiri mwa zimene mudzalembe sizidzatchuka, ndipo musazitenge ngati nthawi yotayika. Ndipo ngati mwapeza kuti luso lanu ndi la kuseri, lolemba zimene ena adzaimbe, lokonza zimene ena adzalankhule, musadzione ngati wotsalira. Ambiri a ife tikamaliza pano tidzagwira ntchito za mtundu umenewo: m'labotale, m'chipinda cha maakaunti, pokonza phunziro la mawa ana a sukulu atapita kwawo. Anthu adzadalira ntchitoyo osadziwa dzina lathu, monga mmene makolo athu anadalira cholembera cha Bob McDill nthawi zonse pamene Don Williams ankatsegula pakamwa. Kopelo ligulidwe mlungu uno, tsamba loyamba lilembedwe.